Kampani yatsopano ya ndege za m'dziko muno: ingapindule, nanga kunyanja kuno ingatere?

Woyang'anira Gulu:
Mwaswera bwanji akuluakulu. Pali funso lomwe labwera kangapo m'gulu muno koma limangomira m'nkhani za msewu wa M5. Lero tilipatse mpata wake. Amalonda atati asonkhe ndalama n'kuyambitsa kampani yatsopano ya ndege zoyenda m'dziko momwe muno, bizinesiyo ingaime? Ndipo ikaima, ife a ku Salima ndi Nkhotakota tingakhale pa njira yake, kapena tizingoimva ikudutsa kumwamba? Muno muli oyendetsa ndege, amakaniko, a mahotela ndi owerengera ndalama. Chonde tiyankhe ndi manambala.

Amalume a ku Chipoka:
Zikomo a Woyang'anira. Njira imeneyi ena anaiyenda kale, ndiye tiyambire pamenepo. Air Malawi inayamba mu 1964 ili pansi pa Central African Airways, n'kuima payokha mu 1967. Inali ndi ma Boeing 737 a maulendo akunja ndi ATR 42 ya maulendo afupi, koma ngongole zinaikulira mpaka boma linalengeza zoithetsa kumapeto kwa 2012, ndipo mu 2013 inasiyiratu kuuluka. M'malo mwake munabwera Malawian Airlines, imene lero timati Malawi Airlines, boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines 49. Inayamba maulendo mu Januwale 2014.

Chimene wobwera kumene ayenera kumvetsa n'chakuti pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pali kale ndege zazikulu, Q400 ya mipando pafupifupi 70 ndi Boeing 737, ndipo maulendo ambiri pamenepo ndi chidutswa chabe cha ulendo wautali wopita kunja kapena wochokera kunja. Mafuta ndi antchito a ndegeyo, gawo lalikulu alipira kale ndi okwera a ku Johannesburg. Mipando yotsala akhoza kuigulitsa motchipa osamva kuwawa. Kampani yatsopano ikalowa pamenepo ndi ndege ya mipando 12 kapena 19, ikupikisana ndi mtengo womwe singaufike.

Mayi a ku Senga Bay:
Amalume, zamveka. Nanga bwanji Lilongwe kubwera Salima? Misonkhano yambiri ya mabungwe ndi ya boma imachitikira kuno kunyanja sabata ndi sabata, ndipo anthu ake ndalama ali nazo.

Kaputeni wa ku Khombedza:
Mayi, njira imeneyo ndi yoyamba kuifufuta. Tiwerenge nthawi kuchokera pakhomo la ofesi mpaka pakhomo la hotela. Pa galimoto, Lilongwe kufika Salima pa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, kuwonjeza ena 20 kufika ku Senga Bay, maola awiri mwafika. Pa ndege, kuchoka ku City Centre kupita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 25, theka la ola. Muyenera kufika mphindi 45 ndege isananyamuke. Mumlengalenga ndi makilomita osakwana 90, mphindi 25 pa ndege yaing'ono. Mukatera ku Salima mufunanso galimoto yokufikitsani kunyanja, theka lina la ola. Zonse pamodzi ndi maola awiri ndi mphindi 10. Nthawi ndi yomweyo, mtengo wakwera kangapo, ndipo mwafika opanda galimoto yoyendera. Ndege imayamba kuposa galimoto pamene ulendo wa pamsewu wapitirira maola anayi, kapena pamene pakati pali madzi.

Makaniko wa ku Dwangwa:
Ndiwonjezere pa mawu a Kaputeni. Maulendo afupi amadya ndege kuposa ataliatali. Pa injini za mtunduwu sitiwerenga maola okha, timawerenganso kuti yalizidwa ndi kuzimitsidwa kangati, chifukwa nthawi yoliza ndi pamene kutentha kwa m'kati kumakwera mwadzidzidzi, zitsulo zozungulira n'kufufuma, kenako n'kubwerera ikazima. Zigawo zina zili ndi malire a kulizako, akakwana timazichotsa ngakhale zikuoneka zabwinobwino. Matayala, mabuleki ndi batire nazo zimatha ndi kutera ndi kuliza. Ndege ya maulendo a mphindi 25 imatera kawiri pa ola lililonse louluka, inzake ikutera kamodzi.

Mayi a ku Senga Bay:
Ndamva. Koma a ku Blantyre akamabwera ku msonkhano kuno amadutsa Zalewa, Balaka, Golomoti, theka la tsiku lathera pamsewu.

Kaputeni wa ku Khombedza:
Imeneyo ndiye ikumveka. Chileka kufika Salima mumlengalenga ndi makilomita pafupifupi 220, ola limodzi osakwana. Vuto lake anthu amayenda mbali imodzi: Lolemba onse akubwera, Lachisanu onse akubwerera. Ndege yodzaza popita n'kubwerako yopanda munthu yadzaza theka chabe, ndipo tikiti iyenera kulipira mbali zonse ziwiri. Njira yotere imayenda bwino ngati hayala, bungwe litenge ndege yonse. Ya pa ndandanda ya tsiku ndi tsiku singaime pamenepo.

Achemwali a ku Linga:
Ine ndikufuna tikambe chimene chimagwetsa makampani a ndege ngakhale okwera alipo. Ndalama zolowa ndi makwacha, zotuluka ndi madola. Lendi ya ndege ndi madola. Inshulansi, ngakhale mutaidula kudzera ku kampani ya kuno, gawo lalikulu la chiopsezo limagulitsidwa kumisika yakunja monga London, ndiye madolanso. Masipeya, kukonza injini, maphunziro a oyendetsa ndege ku South Africa kapena ku Kenya, pulogalamu yogulitsira matikiti, zonsezi madola. Ngakhale mafuta a Jet A-1, amene mumalipira m'makwacha, mtengo wake umatsata dola ndi mtunda wochokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. A MERA amalengeza mtengo wa ku bwalo la Kamuzu ndi wa ku Chileka.

Kumbukirani Meyi 2022, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Kampani yogulitsa matikiti a Khirisimasi mu Okutobala chaka chimenecho ikanalandira makwacha pa mtengo wakale, lendi ya Disembala n'kulipira pa mtengo watsopano. Ndipo kukhala ndi makwacha mu akaunti sikutanthauza kuti madola mwawapeza. Mwini ndege kunjako sadikira kuti banki yanu iwapeze. Mukaphonya miyezi ingapo amatumiza anthu kudzaitenga, ndipo chikole chomwe munapereka poyamba, kawirikawiri lendi ya miyezi iwiri kapena itatu, chapita nayo.

Choncho funso langa loyamba kwa aliyense wobwera ndi ganizoli ndi ili: mwa okwera 10 alionse, angati adzalipire m'madola? Akapanda kufika theka, ndalama za anthu musatenge.

Mphwanu wa ku Thavite:
Akuluakulu mundithandize. Bwanji osagula ndege yaikulu kuti akwere ambiri, tikiti itchipe, ngati mmene basi imatchipira kuposa takisi?

Makaniko wa ku Dwangwa:
Mphwanga, basi imatchipa ikadzaza. Q400 imamwa mafuta pafupifupi tani imodzi pa ola, muli anthu 65 kapena muli 12. Ndege yaing'ono ya Cessna Grand Caravan imamwa malita pafupifupi 200 pa ola, omwe ndi makilogalamu 160.

Palinso malire a mipando 19. Mukawadutsa, lamulo limafuna wothandiza okwera m'ndege, ndi zofunika zina zambiri pamwamba pake. Bwalo nalo liyenera kukhala ndi ozimitsa moto olingana ndi kutalika kwa ndege. Caravan ndi mamita 12.7, ili m'gawo lachitatu. Q400 ndi mamita pafupifupi 33, gawo lachisanu ndi chimodzi, kutanthauza magalimoto awiri ozimitsa moto, madzi ndi thovu zochuluka. Ndi mabwalo angati kuno omwe angakwanitse zimenezo?

Pakatikati pali za mipando 19 monga Beechcraft 1900D, Let 410 ndi Twin Otter, koma ndi za injini ziwiri, ndalama zosungira kukonza injini ndi kawiri. Pansi pali Cessna 206 ndi 210 zonyamula anthu asanu, koma zimamwa Avgas, wodula ndiponso wovuta kupeza kuposa Jet A-1. N'chifukwa chake a Coastal Aviation ndi Auric Air ku Tanzania, ndi a Safarilink ku Kenya, anamanga bizinesi yawo pa Caravan.

Injini yake, PT6A-114A, imafuna kutsegula mbali yamoto pa maola 1,800 ndi kuiphwasula yonse pa maola 3,600. Mukamauluka maola 100 pa mwezi, ntchito yoyambayo yafika pakatha chaka ndi theka, yachiwiri pakatha zaka zitatu, ndipo injini imapita kunja. Ndalama yake muziika pambali pa ola lililonse, m'madola, kuyambira tsiku loyamba. Kampani yaing'ono ikhoza kuoneka ngati ikupindula zaka ziwiri zoyamba, pamene kwenikweni ikudya ndalama ya injini.

China, ndege imodzi siyendetsa kampani. Pali buku lotchedwa MEL lomwe limanena zomwe zikhoza kuwonongeka ndege n'kumaulukabe, komanso kwa masiku angati: zina masiku atatu, zina 10, zina osanyamuka n'komwe. Starter-generator, chitsulo choliza injini ndi kupanga magetsi, ikafa, ndege yakhala pansi. Ndiye muyambe kufunafuna ina ku Johannesburg kapena Nairobi yokhala ndi chikalata chake, kupempha madola ku banki, kuitumiza, kuiombola ku kasitomu, kuiika, injiniya wa laisensi asayine. Chitsulo chonyamula m'manja chikhoza kuimitsa ndege sabata ziwiri, lendi ndi malipiro zikuwerengabe, okwera mukuwabwezera ndalama. Pafunika ndege ziwiri za mtundu umodzi kuti masipeya ndi oyendetsa azisinthana, ndi shelefu ya zomwe zimafa kawirikawiri: matayala, mabuleki, ma igniter oyatsira moto mu injini, mafiluta, batire, ndi starter-generator imodzi.

Kaputeni wa ku Khombedza:
Tisanafike pouluka pali mapepala awiri osiyana. Loyamba ndi chilolezo cha bizinesi yonyamula anthu pa ndege, pomwe amaona eni ake, chuma ndi njira. Lachiwiri ndi AOC, chiphaso chochokera ku Civil Aviation Authority chotsimikiza kuti mungayendetse ndege osaika miyoyo pachiswe. AOC imatsata magawo asanu a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse. Mumayamba n'kukumana nawo kuwafotokozera zomwe mukufuna kuchita. Kenako pempho lenileni, pamodzi ndi mayina a akuluakulu omwe ayenera kuvomerezedwa mmodzimmodzi: mkulu woyankha pa zonse, woona za maulendo, woona za kukonza ndege, woona za chitetezo, ndi woona kuti malamulo akutsatidwa. Gawo lachitatu amawerenga mabuku anu, la kayendetsedwe ka ndege, la kukonza, MEL, la maphunziro, la katundu woopsa. Apa ndi pomwe ambiri amachedwa, chifukwa amakopera buku la kampani ya dziko lina, lonena za mabwalo ndi zida zomwe iwo alibe, ndipo limabwezedwa kangapo. Lachinayi amabwera kudzaona ndi maso ofesi, malo okonzera ndege, mafayilo a antchito, ndi maulendo oyesera opanda okwera olipira. Chiphaso chimatuluka pa gawo lachisanu.

Za oyendetsa ndege, laisensi ya malonda imafuna maola pafupifupi 200, koma a inshulansi kawirikawiri amafuna kaputeni wa maola ochuluka kuposa pamenepo, enanso pa mtundu womwewo wa ndege. Aliyense amayesedwa luso miyezi 6 iliyonse, kuchipatala chaka ndi chaka, ndipo malire a kuuluka m'maiko ambiri ndi maola 100 pa masiku 28. Ndege imodzi youluka masiku 6 pa sabata imafuna magulu awiri. Ndipo mnyamata kapena mtsikana amene mwamuphunzitsa, akafika maola 1,500, makampani a majeti amayamba kumuitana.

Achemwali a ku Linga:
Onani kuti pa gawo lachinayilo ndege yafika kale, inshulansi yadulidwa, antchito ali pa malipiro, koma simunagulitse tikiti ngakhale imodzi. Miyezi imeneyo ikhale mu bajeti, kuphatikiza miyezi ina 6 ya ndege zodzaza theka. Mwambo wotsegulira ndi wa tsiku limodzi, chikomekome cha mkuyu. Chomwe owerengera ndalama timayang'ana ndi maola. Lendi, inshulansi ndi malipiro sizisintha kaya mwauluka kaya ayi, ndiye ndege youluka maola 50 pa mwezi, ola lililonse lasenza katundu kawiri poyerekeza ndi youluka maola 100.

Bambo a ku Benga:
Za mabwalo a kwathu kuno. Salima ili ndi bwalo, Dwangwa ili nalo pafupi ndi minda ya nzimbe. Koma kuti bwalo lizilandira ndege ya okwera olipira sabata ndi sabata pali ntchito. Poyamba mpanda. Mbuzi, ng'ombe, njinga ndi ana odulira njira ndi zomwe zimachititsa woyendetsa kukweranso atatsala pang'ono kutera, ndipo waya umabedwa ngati mafumu ndi anthu ozungulira sanakhale nawo pa zokambirana. Kenako ngalande. Dothi lakuda la m'madambo a kunyanja kuno limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Bwalo la udzu pa dothi lotere ikagwa mvula ya usiku wonse, gudumu lakutsogolo limatitimira, pulopela n'kugunda pansi, ndipo pulopela ikagunda pansi injini iyenera kukayezedwa yonse. Msewu wa ndege ukhale wotumphuka pakati kuti madzi azitsikira m'mbali, wothiridwa dothi lamiyala lotsenderedwa bwino. Miyala yomasuka imatema pulopela, choncho pamalo polizira injini pafunika konkire. Chiswe sichichedwa kumanga chulu, ndiye munthu aziyenda msewu wonse m'mawa uliwonse ndege isanabwere, n'kutumiza uthenga wa mmene ulili. Onjezani nsalu yosonyeza mphepo, zozimitsira moto, ndi sikelo, chifukwa pa ndege yaing'ono munthu ndi chikwama chake amayezedwa. Bwalo lopanda magetsi limagwira ntchito masana okha, ndipo mu Juni kuno dzuwa limalowa isanakwane 5:30.

Kaputeni wa ku Khombedza:
Njira yomwe ili ndi maziko enieni ndi ya ku Likoma, chifukwa wopikisana naye ndi wa pamadzi. Ilala, yomwe yakhala ikuyenda kuyambira 1951, imazungulira kamodzi pa sabata. A Ulendo Airlink anaonetsa kale kuti alendo amalipira ndege kupita pa chilumbacho.

Tiwerenge ndi Caravan. Kuchoka ku bwalo la Kamuzu ndi makilomita pafupifupi 220, mphindi 55 kuphatikiza zoyenda pansi. Kupita ndi kubwera malita 370. Mafuta obwerera mumanyamula kuchokera ku Lumbadzi, kuwonjeza osungira a mphindi 45, malita 150. Mwanyamuka ndi malita 520, makilogalamu pafupifupi 420. Ndege yonse siyenera kupitirira makilogalamu 3,970, ndipo yopanda kanthu imalemera cha m'ma 2,300. Chotsani mafuta ndi oyendetsa awiri, mwatsala ndi makilogalamu 1,000 ndi pang'ono. Munthu wa makilogalamu 85 ndi chikwama cha 15 ndi 100. Ndiye kuti anthu 10, ngakhale mipando ili 12. Wolemba bajeti pa mipando 12 yodzaza wayamba kale kulakwitsa. Mafuta okha pa ulendo wa mbali imodzi: anthu 10, malita 18 pa munthu, anthu anayi, malita 46.

Tsopano chomwe chikutikhudza ife. Mukajambula mzere wowongoka kuchokera ku Lumbadzi kupita ku Likoma, umadutsa pamwamba pa boma la Nkhotakota, pakatikati penipeni pa ulendo. Ndiye kutera kuno sikupatuka. Koma kuli ndi mtengo wake. Iyi ndi ndege ya injini imodzi, ndipo nyanja pamenepo ndi yotambalala makilomita 60 kapena kupitirira. Injini itazima, Caravan imayandama mumlengalenga makilomita pafupifupi anayi pa mafiti 1,000 alionse. Kuti mufike kumtunda muli pakati pa nyanja, muyenera kukhala mafiti 8,000 pamwamba pa madzi, omwe ndi pafupifupi 9,500 pa geji, poti iyo imawerenga kuchokera pa nyanja yamchere, pansi pang'ono pa 10,000 pomwe oyendetsa amayamba kufuna okosijeni. Ndege yochokera ku Lumbadzi imafika pagombe itakwera kale. Yonyamuka ku Nkhotakota kapena Dwangwa iyenera kukwera kaye motsatira gombe isanawoloke. Kutsika, kutera, kukwerako, ndi mphindi 20 kapena 25 zowonjezera, malita 70 kapena 80. Majekete oyandamira akhale pa mpando uliwonse.

Kutentha nakonso. Pa digiri iliyonse yopitirira muyezo, mpweya umapepuka ngati mwakwera mafiti 120. Bwalo la Salima lili mafiti pafupifupi 1,700, koma masana a Okutobala pa madigiri 35 ndege imamva ngati ili pa 4,500. Ku Lumbadzi, mafiti 4,000, pa madigiri 30 imamva ngati 6,800. Imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imakwera mwaulesi. Pa bwalo lalifupi zikatero mumatsitsa anthu kapena mumanyamuka m'mamawa.

Amalume a ku Chipoka:
Tisaiwale kumpoto. Lilongwe kufika Mzuzu pamsewu ndi makilomita opitirira 350, Karonga kutsogolo kwake, msika ulipo. Koma mitambo yotsika ndi chifunga za mapiri a Viphya zimatseka bwalo la Mzuzu, makamaka m'miyezi yozizira. Tonse tikukumbukira 10 Juni 2024, pamene Dornier 228 ya asilikali inakumana ndi nyengo yoipa popita ku Mzuzu n'kugwa ku Chikangawa, tinataya a Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Kampani yoyenda njira imeneyo ilembe m'buku lake kuti woyendetsa akabwerera chifukwa cha nyengo sadzudzulidwa, ndipo bajeti ikhale ndi ndalama za hotela ndi galimoto za okwera pa masiku oterowo. Popanda ndalamazo, oyendetsa amayamba kukakamizidwa.

Mayi a ku Senga Bay:
Okwera a madola omwe achemwali akufunsa ndi alendo okaona malo. Nkhalango ya Nkhotakota inasintha kuyambira pomwe African Parks inayamba kuiyang'anira mu 2015 n'kusamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Mlendo wa masiku 10 amafuna Liwonde, nyanja, Nkhotakota, Likoma, mwinanso Mfuwe ku Zambia, ndipo safuna kutaya masiku atatu pamsewu. Koma ma ajenti akunja amagulitsa ulendo miyezi yambiri usanachitike, nthawi zina chaka chathunthu. Ndandanda ituluke msanga ndipo isasinthe. Mlendo mmodzi akaphonya ndege yake yobwerera kwawo chifukwa cha inu, ajenti ameneyo sakutumiziraninso munthu.

Katundu nayenso. Mlendo amatsika ndi masutikesi olimba a makilogalamu 23, pamene ndege yaing'ono imafuna chikwama chofewa cha 15 cholowa m'kabokosi ka pansi pa mimba. Izi azimuuza pogula tikiti, ndipo ku Lumbadzi kukhale chipinda chosungira otsalawo. Za nyengo, alendo amachuluka Meyi mpaka Okutobala. Januwale mpaka Malichi kumakhala zii, ndiyo nthawi yoika ndege pa sevisi yaikulu.

Kaputeni wa ku Khombedza:
Pa ndandandapo, ndege zambiri zochokera ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg zimafika masana n'kubwerera masana omwewo. Chanzeru n'chakuti Caravan inyamuke ku Lumbadzi cha m'ma 3 koloko ndi alendo ofika kumene, igone pa chilumba, m'mawa ibwere ndi omwe akukakwera ndege zakunja. Mulipira malo ogona oyendetsa ndi mlonda, koma mbali zonse ziwiri zakhala ndi anthu.

Mphwanu wa ku Thavite:
Nanga mipando yotsala osaikamo chambo chachiwisi chopita ku mahotela a m'tauni?

Makaniko wa ku Dwangwa:
Chikhoza kukwera, koma muwerenge kuti makilogalamu 100 a nsomba atenga malo a munthu mmodzi, ndiye alipire zofanana ndi tikiti yake. Chambo cha ku Salima chimafika ku Lilongwe pa galimoto maola awiri, sichingalipire zimenezo. Chinanso, madzi a ayezi osakanikirana ndi nsomba akalowa pansi pa mipando amadya zitsulo ndi zingwe zowongolera ndege, ndipo fungo silichoka. Pafunika mabokosi otsekeka bwino ndi timapaketi tozizira tosasungunukira panja. Ayezi wouma uja amati dry ice ali m'gulu la katundu woopsa chifukwa amatulutsa mpweya woipa m'chipinda chotsekeka, amafuna chilolezo ndi malire. Katundu woyenera ndege yotere ndi wopepuka koma wachangu: mankhwala, magazi ndi zokayeza za chipatala, sipeya ya makina a fakitale omwe aima. Kunyamula odwala mwadzidzidzi kuchokera pa chilumba ndi ntchito inanso yowonjezera maola, ngati ndege ili ndi machira ovomerezeka.

Bambo a ku Benga:
Popeza mabwalo ndi odula, nanga ndege zotera pamadzi? Za BOAC, kampani yakale ya ndege ya ku Britain, zinkatera ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950.

Kaputeni wa ku Khombedza:
Caravan imavala zoyandamira, ndipo madzi athu opanda mchere sadya zitsulo ngati a m'nyanja yaikulu. Koma zoyandamirazo n'zolemera, zimachotsa okwera angapo ndiponso liwiro, inshulansi n'kukwera. Chachikulu ndi mwera. Umawomba Juni mpaka Ogasiti, nthawi yomweyo alendo achuluka, ndipo gombe lathu la Senga Bay ndi Nkhotakota limalandira mafunde ake. Ndege yotere imafuna madzi abata. Onjezani maukonde, mabwato ndi mvuu pamalo potera.

Amalume a ku Chipoka:
Ine ndikuona kuti boma liyenera kulowapo pa Likoma. Ndi boma lapalokha, lili ndi chipatala, sukulu ndi maofesi, ndipo anthu ake sangadalire mitengo ya alendo. Maiko ambiri amagula mipando pa njira zotere kuti zisafe.

Achemwali a ku Linga:
Amalume, ndikuvomera ngati ndalamayo ikulipidwa ulendo usanachitike. Mipando ya ngongole yolipira pakatha masiku 90 ndi yomwe imaumitsa kampani, chifukwa wogulitsa mafuta amafuna zake lero. Mgwirizano womwe ndingaukhulupirire ndi wa malo ogona alendo ndi makampani akuluakulu kugula mipando yokhazikika, mwachitsanzo inayi pa ulendo uliwonse, m'madola, akwere asakwere, kwa nyengo yonse. Mipando inayi kapena isanu ikagulidwa choncho, yotsalayo ikhoza kugulitsidwa m'makwacha pa mtengo womwe mphunzitsi kapena namwino wa ku Likoma angaufike. Mapepala amenewo asayinidwe ndege isanabwere.

Woyang'anira Gulu:
A Kaputeni, ndiye kwathu kuno tiyembekezere chiyani?

Kaputeni wa ku Khombedza:
Salima, hayala yochokera ku Chileka pa masiku a misonkhano ikuluikulu. Nkhotakota kapena Dwangwa, kutera popita ku Likoma pokhapokha pali anthu atatu kapena kupitirira omwe alipira kale, kuti malita 80 aja ndi kutera kowonjezerako zilipidwe.

Bambo a ku Benga:
Ndiye amene akufuna zimenezo ayambe n'kuyeza bwalo. Kutalika kwake kufike mamita 1,000 kuti ndege yodzaza inyamuke masana a Okutobala ili ndi malo otsala. Ayeze kutsetsereka, kutalika kwa mitengo ndi mawaya a magetsi kumapeto onse awiri, ndi kulimba kwa dothi. Kulimbako kuyezedwe mu Febuluwale mvula itagwa masiku atatu, chifukwa mu Ogasiti bwalo lililonse limaoneka lolimba.